Botolo Lotuluka Thukuta

Lolemba, 3 Malichi

Puloteni ija yafika. Miyezi inayi kudikira, kabotolo kamodzi kochepa ngati chala chakaniso. Kena kulibe.

Lachinayi ndiimata pa timibulu tathu. Ndawafotokozeranso amayi dzulo kuchipatala: timibulu tosaoneka ndi maso, pamwamba pake timanja totchedwa kaboksili, koma timanja togona. Ufa woyera wa EDC umatidzutsa kuti tigwire puloteni. Puloteni isake khansa, timibulu tinyamule mankhwala. Iwo: "Ndiye fulumira, ine pano sindinabwere kudzamanga nyumba." Ndawauza kangati kuti izi ndi za makoswe oyera, za anthu mwina zaka khumi kutsogolo. Safuna kumva. Nanenso masiku ena sindifuna.

A Dekhani andikumbutsanso lamulo lawo, ngati ndayamba dzulo. Zaka makumi atatu akusunga mafiriji a labotale ino, dzinalo tinawapatsa ndife. Botolo la EDC ukalitulutsa mufiriji usalitsegule mpaka lisiye kutuluka thukuta. Theka la ola. Ukalitsegula lozizira chinyezi chimalowa, ufa n'kufa uli chiyerere. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu." Tsiku ndi tsiku nkhono yomweyo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndalakwa.

Ndinatulutsa botolo kuti ndiyese kaye pa timibulu totsala. Mphindi zisanu, foni. Nesi: amayi akubanika, bwerani. Botolo lili thukuta lokhalokha. Ndalipukuta pa malaya, ndatsegula, ndatapa, ndathamangira pakhomo kukayankha foni ina ya mlongo wanga. Pobwerera chitsekerero chili patebulo. Mphindi khumi? Ndatseka, ndabweza mufiriji. Kuyesako sindinayesenso.

Amayi ali pa mpweya. Milomo youma. Palibe anandiona, ndikuganiza.

Lachinayi, 6 Malichi

Ufa wagwirana ngati shuga wonyowa. Ndauona ndi maso anga awa.

A Dekhani anasuzumira paphewa panga. "Ufa uwu sindikuukhulupirira. Tiitanitse botolo lina, ndi masabata atatu okha." Ndinawayankha mwamwano, ndikuvomera: ena tilibe masabata atatu. Ngati kuti amayi alandira timibuluto mawa. Anangovula kachipewa kawo, kukanda m'mutu, n'kubwerera ku mafiriji.

Ndaphwanya timiyalato ndi kasupuni. Ndathira wochulukirapo kuti mwina. Puloteni yonse ndathira.

Lolemba, 10 Malichi

Sizinagwire. Puloteni yonse yapezeka m'madzi otsukira, yosakanikirana ndi zinyalala, yosabwezeka. Timibulu tili manja lende.

Profesa, bwana wathu, anatsegula botolo n'kuyang'ana. Kenako anaitanitsa buku la mafiriji, limene a Dekhani amalembamo kuzizira kwa firiji ndi aliyense wotulutsa kanthu. Tsamba la sabata yatha mulibe. Lang'ambidwa bwinobwino, ngati ndi lumo.

Profesa akuti nkhani yaoneka yokha: firiji inazima, ufa unanyowa, mkuluyu wabisa. Anawakalipira pamaso pa tonse, munthu wa imvi. A Dekhani: "Ndamva, bwana." Basi.

Ine ndinali pa sinki, kutsuka galasi loyera kale.

Lachitatu, 12 Malichi

Kalata yochotsa ntchito a Dekhani yatuluka. Lachisanu ndi tsiku lomaliza. Kunatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti apume pa ntchito ndi penshoni yawo. Wochotsedwa chifukwa chobisa satuluka nayo yonse.

Ndikanena, Lachisanulo ndi langa. Ndinaona ufa, anandichenjeza, ndinathira. Ndipo khadi limene amayi agonera m'chipatala muja ndi la kuntchito kwanga. Ntchito ikatha, khadi lafa, bedi apatsa wina. Mlongo wanga alibe ngakhale njinga yoti agulitse.

Tsambalo ndiye likundizunguza mutu. Firiji sinazime, ndikudziwa. Nanga anang'ambiranji?

Ndikudzida.

Lachisanu, 14 Malichi

Apita. Katoni kamodzi: kapu, sweta, wailesi yaing'ono ija. Zaka makumi atatu m'katoni ya sopo. Anzanga anasonkha mabisiketi, Profesa sanatuluke mu ofesi.

A Dekhani ananditengera ku mafiriji, kundionetsa imene chitseko chake chimafuna bondo, imene imalira ikatopa. Makiyi anandipatsa atakulunga m'pepala. "Awa ndi anu tsopano. Pepalalo musataye m'bini ya muno." Anafunsanso za amayi, akuti ndiwapatse moni.

Pepalalo ndalitsegula ndili m'basi. Tsamba lija. Zolemba zawo zopendekera: 4 Malichi, 10:05, EDC yatsegulidwa yozizira, yakhala yosatseka mphindi 12. Pambali pake zilembo zoyamba za dzina langa. Pansi, ndi pensulo: mwanayu mayi ake ali pa mpweya.

Ndapitirira siteji yanga mpaka kumapeto kwa msewu. Kondakitala anachita kundigwedeza.

Lamulungu, 16 Malichi

Amayi lero ali bwinoko, achotsa mpweya. Adya nthochi theka. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nkhope imeneyi ndimaidziwa, ndi ya tsiku lija unaswa galasi la bambo ako n'kunamizira mphaka."

Ndawauza zonse. Za ufa, za tsamba, za khadi. Kuti timibulu sitikanawafika ngakhale tikanagwira.

Anatembenukira kukhoma. Ndinayesa agona. Kenako: "Zoti si mankhwala anga ndinadziwa kale, ndimangofuna uzibwera ndi nkhani. Koma bedi lolipiridwa ndi penshoni ya mkulu uja ine sindigonapo. Kunyumba kulinso bedi."

Ndinakangana nawo. Kunyumba kulibe mpweya, kulibe nesi. Anati ndisawaphunzitse kufa, sindinayambe ndafapo. Anaseka okha mpaka kutsokomola.

Ndawakwiyira. Akanati khala chete, ndikanakhala chete, ndipo mlandu tikanagawana.

Lolemba, 17 Malichi

Pa benchi, panja pa ofesi ya Profesa. Alimo, ndikumva akuyankhula pa foni. M'thumba limodzi tsamba ndi makiyi, m'thumba lina khadi la amayi. Nesi akuti likafa atipatsa masiku atatu okonzekera.

Ndinafika 8 koloko. Ndinati ndidikire manja asiye kunyowa, tsamba lingafufutike. Theka la ola lakwana tsopano, ndendende. Thukuta silinasiye.

Foni aika pansi. Chitseko nditsegula choncho.