Una wa Kum'mawa kwa Bwalo

Lolemba, 12 Sepitembala 1938

Mphepo ya kum'mawa monga masiku onse. Sokosi, thumba lathu lansalu lija la pamlongoti loonetsa mphepo, ili njo kuloza kumadzulo. Mkazi wanga Lenia amati ndimaiyang'ana kuposa nkhope yake. Sakunama.

Pita wauluka kawiri ndi mphunzitsi wake, mzungu wouma nkhope uja tinamutcha Kabawi. Potera ndege yadumpha katatu ngati chule. Otchetcha udzu kuseka mpaka kugwira m'mimba. Ine monga kapitao wa bwalo la ndege ndawakalipira, koma nanenso nthiti zinali kuwawa.

Pamaso pa Kabawi ndi Bwana Pita. Kuseri kwa shedi ndi Pita basi, yemwe uja ndinkakumba naye mbewa pa esiteti ya fodya ya bambo ake, amayi anga akuwaphikira. Akuti, "Gerson, pansi pamandithawa." Ndamuuza kuti pansi sipathawa munthu, ndiye akupathamangira. Wabwereza lonjezo lake. Akangolandira chiphaso, woyamba kunyamulidwa ndine.

Lenia wasanzanso phala. Mimba miyezi isanu tsopano. Ambuye, iyi yokha tisiyireni. Timanda tiwiri ku Madzimoyo tatikwana.

Lachinayi, 15 Sepitembala

Masana pamthunzi wa shedi. Pita pachigubu cha petulo, mpini wa khasu pakati pa miyendo, ndiyo ndodo yowongolera. Ine kumufunsa ngati Katekisma. Zonse zimene Kabawi amakuwa ndinazimeza kale, makutu salipira.

Usananyamuke? Yang'ana sokosi. Usanatere? Yang'ananso sokosi. Kutera n'kuyang'anizana ndi mphepo, lero, mawa, mpaka kale. Ukayandikira pansi usayang'ane pansi, ponya maso patali kumapeto a bwalo. Ndodo uziikoka pang'onopang'ono ngati ukulanda mpeni kwa mwana. Mawilo awiri ndi kamchira zigunde nthawi imodzi. Ikadumpha usachite manyazi, wonjezera moto, kazungulirenso.

Wakhoza zonse, koma za sokosi yachiwiri anaiwala. Ndamukhoma ndi chisoti. Akuti ndikanakhala mzungu bwenzi Kabawi atachotsedwa ntchito. Taseka. Koma si zoseketsa kwenikweni.

Ndapirikitsa amayi awiri okumba mbewa pabwalo, khasu ndalanda. Lamulo ndi lamulo, dzenje limodzi litha kupha munthu. Mmodzi wanditukwana kuti ndine mzungu wakuda.

Lenia sakufuna china chilichonse. Akuti kapuku yekha, wonona, wootcha ndi kamchere.

Lamulungu, 25 Sepitembala

Ndachimwa, ndipo ndachimwa Lasabata.

Masiku atatu Lenia madzi okha. Maso kulowa. Tchire lonse kuchoka pano mpaka kumapiri anthu anatentha ndi kukumba kale, ndayenda ndabwera chimanjamanja. Mbewa zonse za dziko lino zinathawira pabwalo langa, zikudziwa kuti pali kapitao wozilondera.

Titaweruka kutchalitchi ndatenga khasu lomwe lija ndinalanda. Kumapeto a kum'mawa, pafupi ndi chitsa cha muwanga. Kumeneko ndege siifikako. Mphepo imachokera komweko, tsono amatera kumadzulo n'kuima pakati penipeni. Ponyamuka amakhala ali kale m'mwamba. Zaka ziwiri ndili pano sindinaoneko mkukuluzi wa wilo.

Una unali wakuya, ee! Dzenje mpaka m'bondo, kutalika mikono iwiri. Akapuku asanu ndi atatu, mafuta okhaokha.

Ndabweza dothi, ndapondaponda ndi mapazi, ndamwaza udzu wouma pamwamba. Munsi wachitsulo wotsenderera unali m'shedi, makiyi ali ndi Kabawi. Mawa.

Lenia wadya anayi, nsima mitanda iwiri, osasanza. Wandiyang'ana akunyambita zala. "Inu aThole, mwandiukitsa kwa akufa." Sanafunse kumene ndawatenga.

Lachiwiri, 4 Okotobala

Sindinatsenderebe. Ndinganyamule bwanji munsi kudutsa bwalo lonse otchetcha akuona? Adzafunsa. Kapitao wakumba mbewa pabwalo! Nkhani ingafike ku Kapata dzuwa lisanapendeke, kwa Kabawi mawa lake. Ndidikira tsiku lomwe ali kwina.

Dzulo ndinadutsapo. Sipaoneka. Phazi limangomira pang'ono.

Pita watera kasanu, kanayi bwinobwino. Kabawi sanatukwane, ndiko kuyamikira kwake. Aphunziranso zoti injini ikazima m'mwamba: mphuno pansi msanga, osabwerera m'mbuyo, tera pamene maso akuona. Ine pansi kumva injini ili zii pamwamba pa mutu wanga.

Lenia watunga madzi yekha lero. Mwana watakataka kawiri m'mimba, ndamva ndi dzanja langa.

Lachisanu, 14 Okotobala

Kutentha kosautsa. Mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika.

Kabawi wati sabata yamawa Pita auluka yekha. Kamodzi kuzungulira bwalo, n'kutera. Pita sanadye. Kuseri kwa shedi wandiuza zimene ndikuzidziwa kale. Sukulu ku Harare anasiya, ntchito ya ku migodi anasiya, bambo ake amati sanamalizepo kanthu chibadwire, ngakhale mbale ya chakudya. Akuti, "Ichi chokha ndimalize, Gerson, mdala uja aone."

Ndamuuza amaliza. Ndamufunsanso Katekisma wathu. Usanatere? Wayankha asanaphethire, "Yang'ananso sokosi, abusa."

Loweruka, 22 Okotobala

Pita wafa.

Lolemba, 24 Okotobala

Tamuika dzulo pa esiteti, pansi pa mibawa. Ife kuima kunja kwa mpanda.

Ndilembe, apo ayi mutu uphulika.

Pulopela ndinazungulitsa ndine. Anandikwezera chala, ndinachotsa zipika kumawilo. Ananyamuka bwino, kamphepo ka kum'mawa, kofooka. Ali m'mwamba kunja kunada. Fungo la mvula. Sokosi inagwa lende, kenako inadzuka n'kuloza kum'mawa. Mphepo yatembenuka. Chizimalupsa chasankha tsiku limeneli pa masiku onse a Mulungu.

Kabawi kukuwa kuti ndiyatse utsi, mnyamata aone kumene mphepo ikulowera. Ndinayatsa ndi manja angawa. Pita anaona. Anachita monga tinamuphunzitsira, anakhota kukadzera mbali inayo.

M'pamene ndinakumbuka.

Ndinathamanga. Bwalo lija silinatalikepo chotero. Kukupiza malaya, kukuwa, mawu kutha. Sanandione. Maso anali patali kumapeto a bwalo. Ndinamukhomera zimenezo ndine.

Ndinali pafupi, ndinaona zonse. Mawilo awiri ndi kamchira, pamodzi, phee. Sanaterepo bwino chotero. Ngakhale Kabawi satera chotero. Anayenda mikono khumi. Wilo lakumanzere linamira. Ndege inaima ndi mphuno n'kugwa chagada.

Panalibe moto, panalibe magazi. Khosi linathyoka. Ndinamumasula malamba ndine, ndikumuitana dzina la ubwana.

Atamunyamula mvula inakhuthuka. Anthu onse kushedi. Ine ndinatsala, ndipo ndinakwirira dzenje lija ndi mapazi, matope mpaka m'mawondo, ndikulira. Mnzanga asanazizire n'komwe. Ndine munthu wanji?

Lachitatu, 2 Novembala

Azungu atatu ochokera ku Lusaka kudzafufuza za ngoziyo, tebulo m'shedi. Kabawi anali patali tsiku lija, anaona fumbi lokha. Wanena kuti wophunzira anachita mantha ndi mphepo, anabwera ndi liwiro, anakankha ndodo m'malo moikoka. Alemba.

Ine andifunsa funso limodzi. Kodi bwalo linali bwino? Ndinayenda m'mawa umenewo? Inde bwana. Alemba. Sanandiyang'ane n'komwe.

Atseka buku: kulakwa kwa wophunzira.

Bambo ake a Pita anali pakhomo, chipewa m'manja. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangouza Kabawi motsitsa, ine ndikumva, "Si mlandu wanu. Mwana uja sanamalizepo kanthu."

Ndinakasanza kuseri kwa migolo.

Lamulungu, 6 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Chakudya chikukanika. Tsopano wosanza ndine, wondinyengerera ndi Lenia.

Masana ndamuuza zonse. Wagwira pamimba. Kenako akuti anadziwa kuyambira tsiku la akapuku, dothi lofiira la pakhasu ndi la pabwalo pokha. Anadya akudziwa. Walira kuti wapha munthu ndi njala yake. Ndamuletsa. Wokumba ndine, wozengereza ndine.

Ndati ndikanena kwa Kabawi. Wandigwira mwendo. "Wakufa wafa, aThole. Mukanena akumangani, mwana uyu adzabadwira m'manja mwa yani? Ndinaika awiri muli pambali panga. Wachitatu ndisamuone ndekha."

Pita sadzuka ngakhale ndinene. Koma mdala uja adzafa akukhulupirira bodza, ndipo bodzalo ndalikwirira ndine.

Lachitatu, 9 Novembala

Amayi ake a Pita abwera pabwalo. Ochepa thupi ngati adwala chaka. Andipatsa chisoti chake chachikopa ndi magalasi. Akuti ankanena za lonjezo lija patebulo masiku onse, bambo ake n'kumanyansidwa. Apempha Kabawi alikwaniritse. Andigwira dzanja pamaso pa anthu onse. "Unali mbale wake, Gerson. Unathamanga kukamuthandiza, anandiuza."

Ndikanakonda akanandimenya.

Ndege ina inabwera Lolemba. Ndakwera. Kuyambira tsiku lomwe ndinaona ndege koyamba ndakhala ndikulota zimenezi. Chisoti chikununkha thukuta lake.

Pansi kuchoka. Tauni yonse ya Foti Jemusoni ngati mbale zomwazika, msewu wa ku Madzimoyo kachingwe chabe, mapiri kufupika. Kabawi wakuwira m'chipaipi cholankhulira kuti ndigwire ndodo. Ndagwira ndi zala ziwiri monga ankanenera. Yandimvera. Ndakhota kumanzere, phazi ndi dzanja pamodzi, mphuno osagwa. Kabawi kuseka, koyamba chimudziwireni. Akuti, "Manja ako ndi abwino. Mnzako uja akanakhala nawo bwenzi ali moyo."

Ndinayang'ana pansi kuti asaone nkhope yanga, ngakhale anali kumbuyo.

Bwalo lonse labiriwira ndi mvula ija. Lonse, kupatula malo amodzi. Pafupi ndi chitsa cha muwanga, kachigamba kofiira, kotalika, udzu sunamere. Uli pansi sungapaone. Uli m'mwamba pali mbee, ngati manda a mwana.

Kabawi ankayang'ana sokosi.

Potera anadumpha kamodzi.

Lachinayi, 10 Novembala

Wophunzira watsopano wafika, kalaliki wa kusitolo ya fodya. Ine ndikuthira petulo, Kabawi akumuyendetsa kuzungulira ndege. Phunziro loyamba. Waloza kum'mawa. "Uko kunafera wina mwezi watha. Anachita mantha, anaiwala zonse. Usadzatere ngati Pita."

Ndiye kuti adzanena zimenezi kwa aliyense wobwera pano. Chaka chino, chaka chamawa, ine ndikuchotsa zipika ndi kuvomera inde bwana.

Pita anatera bwino. Pa dziko lonse lapansi amene anaona ndine ndekha. Anamaliza.

Masana ndapita kunyumba. Ndawaza nkhuni zambiri, ndakonza denga pamene pamadontha. Ndatuma mawu ku Madzimoyo kuti amayi ake a Lenia abwere adzakhale naye. Iye anangoyang'ana nkhunizo, sanafunse. Waika dzanja langa pamimba pake. Mwana anali kusewera.

Akakhala wamwamuna dzina mukulidziwa, ndatero. Watembenukira kukhoma.

Khasu lija ndabwera nalo, lili apa pambali panga. Dothi likadali lofewa, sipatenga nthawi kufukula. Una wa kapuku subisika, njira zake zikadalimo.

Lenia, mkazi wanga, mwina ukunena zoona, mwina ndikupha amoyo chifukwa cha wakufa. Sindikudziwa. Ndege ndi iyo yatera, Kabawi akuvula chisoti. Ndimuuza ayitanenso mdala uja, adzaone yekha pamene mawilo anagunda ndi pamene ndinakumba.