Ubweya wa Gosho

LOLEMBA

[08:14] Rado: ndafika ku Plovdiv. agent akuti ogula flat yathu avomera, kusayina lachisanu 10 koloko kwa loya

[08:14] Rado: tikangosayina tikatenge munda wa a Stoimen uja kuseri kwa mpanda wathu. nkhosa khumi zija mwini wake akutisungirabe

[08:15] Rado: akazanga mukumva?? chaka chino kusitolo tizikagula mchere wokha

[08:41] Nevena: ndamva abwana. ndinali kukhola

[08:42] Nevena: nkhuku zalowanso mu anyezi, mpopi wakuseri ukudontha, msana ukuwawa. koma ndamva

[08:43] Rado: kkkk limba mlimi. mapanga awiri avumbwitsa, tigulitse la mtauni tikhale anthu a kumudzi enieni

[08:45] Nevena: katundu ulongedza wekha? ndikanabwera kudzathandiza

[08:45] Rado: ayi ayi usavutike. ndi mabuku chabe ndi mapoto awiri

[08:47] Nevena: ok. ine ndiyambe juzi yako ya chaka chino. ubweya wa nkhosa zathu zitatu tinameta sabata yatha uja wauma

[11:20] Nevena: Rado ubweya wa Sivka uli ndi vuto

[11:21] Nevena: ndikaukoka pang'ono ukungoduka. pa chopotera ulusi usanafike ndi mkono umodzi womwe waduka kale

[11:22] Nevena: [chithunzi]

[11:22] Nevena: taona kamzere kopyapyalako, cha kumunsi kufupi ndi pomwe tinameta. ukudukira pomwepo basi

[11:50] Rado: mwina unachapira madzi otentha kwambiri

[11:51] Nevena: zaka zonsezi ndikuchapa ubweya, lero undiphunzitse madzi iweyo?

[11:52] Rado: pepani aphunzitsi

[12:30] Nevena: wa Malinanso chimodzimodzi. koma iyeyo ndikumvetsa, anapoloza mu febuluwale, thupi linavutika

[12:58] Nevena: ndatsegula thumba la Gosho

[12:59] Nevena: Gosho ndi mfule Rado. satenga bere, sayamwitsa, ntchito yake nkudya ndi kugunda anthu. wakenso ukudukira malo omwewo

[13:00] Nevena: nkhosa zonse zitatu, malo amodzi

[13:25] Nevena: Rado?

[15:02] Rado: sorry ndinali ndi agent. ndigona konkuno, katundu wachuluka

[15:03] Nevena: mabuku ndi mapoto awiri aja?

LACHIWIRI

[07:05] Nevena: zithunzi ndinatumiza kwa asisi Danche a ku gulu lathu lopota ulusi. tamvera

[07:05] Nevena: [mawu ochokera kwa Danche, 0:44]
"Nevena mng'ono wanga, zimenezi iwe ukuzidziwa kale, ukungofuna wina akunenere. Nkhosa ikadwala kwambiri, kapena ikakhala ndi njala nthawi yaitali, ubweya umene ukumera masiku amenewo umatuluka wofooka. Ikachira umapitiriza kumera bwinobwino, koma kamzereko sikachoka. Pamene pali kakoko ine ndikuona Januwale kapena Febuluwale. Zanganso zinatero chaka chomwe ndinathyoka mwendo chija. Usadzivutitse n'kuupota, ukangophimbira matimati. Alamu angawo uwafunse mofatsa, usayambe ndi ukali, wamva?"

[07:07] Nevena: januwale ndi febuluwale ine ndinali ku Ruse kudwazika amayi. unatsala nazo ndiwe

[07:08] Nevena: zinadwala?

[07:40] Rado: sizinadwale. mwina udzu unali woipa

[07:41] Nevena: udzu womwewo zadya mpaka epulo osadandaula

[07:43] Nevena: ndipo udzuwo unatsala wambiri. unachita kulemba pa page yathu ija za kasamalidwe ka chakudya cha ziweto m'chisanu, anthu nkumakuombera mmanja

[07:44] Nevena: ine kuchipatala nkumaonetsa manesi, nkumati taonani amuna anga

[08:10] Rado: tikambirana ndikafika. ndili pamsewu

[13:15] Nevena: wafika, wadya, wati uli ndi meeting, wadzitsekera kuchipinda. ndikulemba izi nditaima pachitseko pako

[13:16] Rado: ndili pa call

[13:16] Nevena: mmenemo simukumveka munthu

[16:48] Nevena: ndinapita kwa a Stoimen kukabweza fosholo

[16:49] Nevena: samafuna kuyankhula mkuluyu, akuti za banja la eni salowerera. ndachita kuwakakamiza

[16:51] Nevena: akuti nkhosa zinkalira mpaka iwo mtima kuwawa. ankaziponyera mapesi pamwamba pa mpanda. madzi m'chidebe ataundana gwaa. galimoto pabwalo palibe, utsi pachumuni palibe

[16:52] Nevena: akuti amayesa ndikudziwa

[16:53] Nevena: unali kuti?

[17:30] Nevena: pali mkazi?

[17:31] Rado: AYI

[17:31] Rado: ayi ndithu Neve, Mulungu akuona

[17:32] Nevena: nde unali kuti

LACHITATU

[06:50] Nevena: ndakwera basi ya ku Plovdiv. kiyi wanga wa flat ndinali nayebe. nkhuku sindinatsegulire, nkhosa sizinadye, uone wekha

[07:20] Rado: ndangodzuka kumene. tsika pa siteji yotsatira ndidzakutenge pliz

[07:21] Rado: [waimba, sanayankhe]

[07:23] Rado: [waimba, sanayankhe]

[08:35] Nevena: ndakumana ndi mayi Petkova a khomo loyandikana pa masitepe. akuti mwasowatu inu, amuna anu nde tinali nawo chisanu chonse, amandinyamulira zikwama

[08:36] Nevena: munthu wabwino eti

[08:44] Nevena: palibe chomwe walongedza. bedi loyala, pilo watsopano, masilipasi ako, makatoni a pizza mpaka pakhonde

[08:45] Nevena: pizza Rado. iwe amene unandinyanyalira tsiku lonse chifukwa ndinagula buledi wa kusitolo

[09:10] Rado: [mawu, 1:56]
"Neve, sindikudziwa poyambira. Utangopita paipi inaphulika ndi chisanu. Madzi ndinkachita kusungunula chipale chofewa m'poto. Nkhuni zonyowa, chitofu chikungofuka utsi, zala osagwira ndi kompyuta yomwe. Tsiku lina ndinapita ku flat kukangosamba. Kusamba basi. Ndinakhala pabedi kuti ndivale nsapato, ndinadzuka mawa lake. Ndinathamangira kumudzi mtima uli m'mwamba, ndinakapeza nkhosa zili bwinobwino. Ndiye ndinati aa, tsiku limodzi sizingafe. Kenako awiri. Kenako ndinkangopita pakadutsa masiku, kuponya udzu, kuthirira nkhuku chimanga, kujambula zithunzi zoti ndikutumizire, n'kubwerera. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndisiya. Ndatopa Neve. Ndinatopa kalekale. Koma ndine ndinakukokera kumudzi, ndine ndinakusiyitsa ntchito. Ndikanakuuza ndi pakamwa pati?"

[09:14] Nevena: nde munthu amene analephera nkhosa zitatu akufuna khumi zina

[09:16] Rado: ndimafuna flat ipite, pasakhalenso kothawira

[09:16] Rado: ikapita ndilimba

[09:19] Nevena: a Radoslav, za mwana wa Malina munandiuza kuti zimachitika. ine ndinalira m'khonde la chipatala kudziimba mlandu kuti ndinamusiya ali ndi bere

[09:20] Nevena: munati munachezera ndi Malinayo m'khola mutamufunditsa bulangeti

[09:31] Rado: ndinamupeza atapoloza kale

[09:31] Rado: tsiku lake sindikulidziwa

[09:32] Rado: ndikhululukire

[09:50] Rado: Neve

[10:40] Rado: ndazidyetsa

[10:40] Rado: [chithunzi]

[12:15] Nevena: foni ndikuzimitsa

[17:55] Rado: zadyanso. mpopi wakuseri ndamanga ndi chingwe, ukudonthabe koma pang'ono

LACHINAYI

[06:25] Rado: zadya. Gosho wandigunda pabondo, mwina akudziwa

[06:26] Rado: sindikuseka, sorry

[09:02] Rado: agent akufunsa ngati mawa zilipo. ndimuyankhe chan

[11:15] Rado: a Stoimen anabwera ndi kabotolo ka rakiya, kachasu wawo uja, akufunsa za munda. takhala pakhonde, amwa, apita

[11:40] Rado: nkhono zamaliza kabichi wa mzere wakumpanda. unkathira chan kodi, phulusa?

[13:30] Rado: ndaimbira Danche, akuti sunamuyankhe nayenso. ungondiuza kut uli bwino basi

[14:45] Rado: [waimba, sanayankhe]

[16:20] Nevena: ndili moyo

[16:22] Nevena: dzulo ndinalowa m'bafa, madzi atazizira ndinatsegula ena otentha. kenako ndinagona. ndadzuka masana ano

[16:29] Nevena: [mawu, 1:31]
"Ndinabwera kuno kuti ndione ndi maso anga, ndikutukwane bwino. Pano ndangokhala pansi pafupi ndi hita ndikuyang'ana manja angawa, ming'alu yokhayokha. Ukudziwa kuti ku Ruse, pampando wa m'chipatala uja, ndinkagona bwino kuposa kunyumba? Kunalibe tambala, kunalibe nkhuni, kunalibe mabotolo a lyutenitsa, sosi wa tsabola uja, ondidikira kuti ndiwotche tsabola mpaka maso kufiira. Ndinkachita manyazi, amayi akubuula ine ndikupuma. Kupota ndinkakukonda, Rado, pamene kunali kwa Lamlungu masana, khofi ali pambali. Pano ndikaona chopotera ndimangoona ntchito ina. Ndiye kutopako ndikukumvetsa. Koma ine sindinazisiye ndi njala. Kusiyana kwathu kuli pamenepo, ndipo sindikudziwa ngati ndidzaiwale."

[16:33] Rado: bwanj sunanene

[16:34] Nevena: wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. ndimayesa iwe ukusangalala

[16:34] Rado: ine ndimayesa iwe

[16:41] Nevena: mawa sindisayina. agent umuuze wekha, a Stoimen uwauze wekha, mwini nkhosa khumi uja umuuze wekha

[16:42] Rado: ok

[16:42] Rado: nanga Sivka, Malina ndi Gosho

[16:55] Nevena: kaya. chomwe ndikudziwa nchakuti Malina sapita kwa ogula nyama

[16:56] Nevena: eya, phulusa. uthire kusanagwe mame

[16:57] Rado: ubwera liti

LACHISANU

[06:30] Rado: zadya

[06:30] Rado: [chithunzi]

[10:05] Rado: ndauza onse. agent wandidulira foni, a Stoimen angogwedeza mutu

[11:48] Rado: ubweya uja ndaphimbira matimati. wakwanira mizere yonse, watsala pang'ono wa Gosho

[11:49] Rado: juzi ya chaka chatha ikadali bwino, ndizivala yomweyo

[14:10] Rado: mnyumba muno muli zii Neve

[14:11] Rado: ndibwere? ola limodzi ndafika. tikhale pansi tikambirane, ine ndigona pa sofa

[14:48] Nevena: ukagona kuno nkhosa azidyetsa ndani?