Fisi wa Mwansa wakanidwa

Loweruka, kuno ku Pamodzi. Tsiku layenda bwino, mtima uli m'malo.

Masewera athu a madayisi aja, omwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nthano, ayamba kuoneka mutu wake. Mapu ndamaliza: ufumu wonse uli pansi pa mgodi wakale. Mnzanga Mwansa wasankha kukhala msilikali, ati azikwera fisi wamkulu ngati ng'ombe. Ndinavomera, osadziwa kuti amayi akumva kukhitchini.

Anatulukira. “Wokwera fisi ndi mfiti. M'nyumba muno ayi, ngakhale papepala.”

Ndinaopa kuti atithamangitsa pabalaza, pomwe kwina kosewerera tilibe. Mwansa anafunsa mwaulemu kuti nanga akwere chiyani.

“Bulu. Anakwerapo Ambuye, iwe ndiwe ndani?”

Manje msilikali wathu woopsa uja ali pa bulu. Amayi amupatsa kale dzina buluyo, ati Chifundo, ndipo akufunsa ngati kumgodiko kuli msipu.