Phulusa la m'nyemba zanga

Manjawira, Ntcheu

Okondedwa azakhali a Sakina,

Salamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Joni sikunakudwalitseni. Kuno ana ali bwino, akupita kusukulu.

Ine ndiye mtima suli m'malo. Sabata yatha ndinkathira phulusa m'nyemba zanga zogulitsa pakhonde la golosale kuti zisafumbwe, monga timachitira chaka ndi chaka. Munthu wina wa m'minibasi anandijambula vidiyo, n'kuponya pa Fesibuku kuti a ku Manjawira tikuthira poizoni m'nyemba. Sanatsike n'komwe kudzafunsa!

Kuyambira tsikulo, minibasi ikaima anthu akumangotseka mawindo. Ngakhale a Idris, atelala aja akhala akugula kwa ine zaka zonsezi, dzulo anati, "Mayi, pepani, akazi anga anaona pa foni." Ndinatapa phulusalo n'kunyambita iwo akuona, koma anangoseka n'kumapita. Masiku ano foni ikanena yanena basi, mwiniwakenso ulibe mawu.

Bambo a ana sakundiyankhula kwenikweni. Zimenezo tidzakambirana mukadzabwera.

Vidiyoyo inafikanso pa gulu lathu la pachibale la pa Watsapu, ndi mawu akuti, "Abale samalani, anthu aipa mitima." Nambala yotumiza ndinaiona, ndi ya ku Joni. N'zoona, nkhope yanga siikuoneka bwino. Koma chitenje chobiriwira ndinavala m'vidiyomo n'chomwe munanditumizira pa Idi, ndipo zothira phulusa m'nyemba munandiphunzitsa ndinu.

Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mwana wanu,
Lukia