Mabuleki Amene Munatumiza

Namacula, Lichinga
16 Juni 2024

Okondedwa Achimwene Bernardino,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chalusa, m'mawa madzi a m'ndowa sagwirika. Mbatatesi za kumunda wakumtunda tamaliza kukumba, za kudambo sitinayambe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Mukaimba foni, Ababa amakokera mpando pafupi, ndipo ine ndimangoyankha zimene iwo akufuna kumva. Kalatayi ndapatsira mayi Graça oyandikana nafe, amene akubwera kumeneko kudzaona mwana wawo.

Mabuleki amene munatumiza anafika bwino, zimbale zachitsulo ziwiri zazikulu zija ndi zopanira zake zofiira. Ababa anaziyala pamphasa pakhonde n'kumaitana aliyense wodutsa kuti aone zimene mwana wawo watumiza. Zikomo kwambiri, Achimwene. Ndikudziwa kuti munayenda masitolo ambiri musanazipeze.

Ndiyambire pa ngozi ya mu Epulo ija. Pafoni ndinakuuzani kuti karinya ya Ababa, galimoto yawo yonyamula katundu ija, inakana kuima ku Sanjala n'kugunda njinga yamoto kumbuyo, ndipo kuti vuto ndi mabuleki. Chimene sindinanene n'chakuti panjingapo anakwerapo mayi wina, dzina lawo Esmeralda, wogulitsa nyemba pamsika, ndipo anathyoka mkono. Ndimapitako Lachitatu ndi Loweruka kukawachapira ndi kuwatungira madzi, poti ali ndi ana aang'ono awiri. Akupezako bwino, koma dengu sanayambe kusenza.

Mabulekiwo tinapita nawo kwa a Dawudi, amakaniko aja akhala akukonza karinyayi kuyambira tili ana. Anawatembenuza uku ndi uku, nati ndi abwino zedi. Kenako anagwada n'kuyamba kupapasa matayala.

"A Estêvão," anawafunsa Ababa, "mukaponda mwamphamvu mabuleki akalewa, matayala amatani?"

"Amalira, amakhukhuluzika pamsewu."

"Ndiye kuti mabulekiwo ntchito yawo akugwira. Tayala likasiya kuzungulira, buleki ilibenso chowonjezera, kaya ikhale yaikulu ngati chitseko. Choimitsa galimoto ndi tayala pamene lagwira phula. Anuwa asalala ngati mutu wanga."

Ababa anati amakaniko a ku Lichinga amachitira nsanje katundu wa ku Beira. A Dawudi anaseka, nati m'malo mokangana tikayese pamsewu.

Loweruka m'mawa tinatuluka m'tauni mpaka pamalo owongoka, opanda anthu ambiri. A Dawudi anaika chigubu choyera m'mbali mwa msewu. Anayendetsa okha liwiro la 50, atafika pachigubupo anaponda mabuleki akale aja ndi mphamvu zawo zonse. Ine ndinawerenga masitepe kuchokera pachigubu mpaka pamene galimoto inaima, anakwana 21. Mkati mwa sabata anamangirira mabuleki anu, Loweruka linalo tinabwereranso pomwepo. Ulendo woyamba masitepe 21, wachiwiri 20. Tinali titanyamula matayala atsopano amene ndinagula nditagulitsa mbatatesi zoyamba. Atawaika, galimoto inaima pa masitepe 16.

"Musaganize kuti mwana wanu wavutika pachabe," anatero a Dawudi. "Potsika phiri lopita ku Metangula mutadzaza matumba, mabuleki aang'ono amatentha, amanunkha, mwendo umangolowa pansi. Akuluakuluwa satentha msanga. Kumeneko mudzawayamika. Koma poima kamodzi m'tauni, ndi chimodzimodzi."

Ababa sanakhutire. Anati a Dawudi saidziwa galimotoyo, ayendetse okha mwini wake. Anakwera, anabwerera m'mbuyo ndithu, n'kubwera liwiro lomwe lija. Anadutsa chigubu galimoto ikuthamangabe, mabuleki anamveka kulira atapita kale patsogolo. Ndinawerenga masitepe 38. Anati phazi linaterereka. Ulendo wachiwiri anakwana 35. Wachitatu anabwera pang'onopang'ono, anaima pafupi nane, natsitsa galasi.

"Palmira, chigubu chija mwachichotsa?"

Chigubu chinali pomwe chinali, Achimwene, choyera, dzuwa likuchiwomba.

A Dawudi anayandikira n'kuloza lole imene inaima patsogolo pang'ono. Mwaulemu ndithu anati, "A Estêvão, tandiwerengereni nambala ya lole iyo."

"Mwalowa upolisi liti?" anayankha Ababa.

Palibe anaseka. Ababa anakhala pachiwongolero kanthawi, manja onse awiri atagwira. Kenako anatsika, anazungulira kutsogolo, nakakhala mpando wakumanzere. Anati, "Palmira, yendetsa iwe, bondo likundiwawa." Kuyambira tsiku limenelo sanayendetsenso.

Tsopano ndikuuzeni zanga. Ine za maso a Ababa ndinazidziwa chaka chatha nthawi yokolola chimanga. Ndinaona akuthira tiyi pambali pa kapu, tsiku lina anapereka moni kwa mtengo wouma akuyesa munthu. Sindinauze aliyense. Ndinangoyamba kukwera nawo ulendo uliwonse. Ndimakhala pambali n'kumalankhula ngati ndikucheza: "Ana asukulu awo achedwatu lero." "Njinga iyi yanyamula makala ambiri bwanji." Iwo amachepetsa liwiro. Sanandifunsepo chifukwa chake ndayamba kulongolola, inenso sindinawafunse kanthu. Tinayenda choncho miyezi khumi ndi umodzi. Tsiku la ngozi ndinali kumaliro a apongozi a mnzanga, ndipo iwo anati angopereka matumba awiri ku Sanjala, si patali.

Ndiye mkono wa mayi Esmeralda si mlandu wa mabuleki, ndipo si wa Ababa okha. Ndikanalankhula chaka chatha, bwenzi mayiwa ali pamsika. Mutandifunsa pafoni, Ababa ali pambali panga, ndinanena mabuleki chifukwa ndi zimene iwo anali atauza anthu onse. Mundikhululukire. Ndinaopa kuwalanda chinthu chimene achita zaka makumi anayi. Mukudziwa kuti chimwalirire Amayi, galimotoyi ndi imene imawatulutsa m'nyumba.

Sabata yatha ndinawanyengerera mpaka tinapita kuchipatala. Adokotala apeza ng'ala m'maso onse awiri, lakumanzere ndiye lafika poipa. Akuti imachotsedwa, diso limodzi kaye, linalo pambuyo, ndipo ambiri amaonanso bwino. Atipatsa tsiku mu Ogasiti. Ababa anavomera pamaso pa adokotala, koma titangotuluka pageti anati diso lawo silikhudzidwa ndi mpeni. Ndalankhula mpaka mawu andithera. Ine ndine mwana wamkazi amene amandiona tsiku lililonse, mawu anga anawazolowera. Inu mukanena chinthu amachisunga sabata yathunthu n'kumauza anzawo.

Pempho langa ndi limeneli: mubwere mu Ogasiti, ngakhale masiku anayi okha, mudzawagwire dzanja Ababa polowa m'chipatala. Musatumize china chilichonse, kuno zonse zilipo. Mukaimba foni musayambe ndi za maso. Afunseni za mbatatesi, za ulendo wanu munene ngati mwangowasowa.

Pakadali pano ndikuyendetsa ndine. Lachiwiri tinatsika ku Metangula ndi matumba khumi ndi awiri, ndipo a Dawudi sananame. Tinafika pansi popanda fungo lililonse, buleki ili yolimba ngati poyamba. Ababa anakhala kumanzere, chipewa chili pamaondo. Njira yonse amaidziwa ndi thupi, amandiuza za khona tisanafike, ndipo ndikachedwa kusintha giya amamva ndi khutu n'kundikalipira. Pobwerera anagona tulo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nyemba zawo ndasunga. Ana onse muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene agogo ake sanamuonebe. Mayi Esmeralda akudziwa kuti ndili ndi mchimwene ku Beira, nawonso akupereka moni. A Dawudi akuti zimbale zakale asunga, sanataye.

Ababa andipeza ndikulemba pakhonde pano, afunsa kuti ndikulembera yani. Ndawauza. Aima kumbuyo kwanga nthawi yaitali akuyang'ana pepalali, kenako akuti, "Umuuze kuti mabuleki ake akugwira bwino kwambiri. Umuuzenso kuti ine ndili bwino."

Ndalemba monga anenera.

Ine mlongo wanu,
Palmira