Phokoso la njinga ya a Daudi

Lilongwe, kuseri kwa msika waukulu
9 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Levison,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu anga ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha fumbi la mwezi uno chinandigwira masiku atatu, koma chapita.

Zonse zimene munanena pa foni ndinazimva, ngakhale munadula ndisanayankhe. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, pakuti kalata simungaidule pakati. Ndaipereka kwa a Wilbert, amene akubwera kumeneko ndi feteleza Loweruka. Mukatha kuwerenga muwawerengerenso amayi, osadumpha mzere.

Munati msuweni wathu Cathy anandiona nditakhala pansi pafupi ndi msika, manja ali bii ndi oyilo, ndipo amayi analira atamva. Munatinso ndibwerere kumudzi mvula isanagwe chifukwa kukonza njinga zamoto si ntchito ya mkazi. Cathy sananame, anandionadi. Koma anaona theka la nkhani. Lekani ndikuuzeni yonse, kenako muweruze nokha.

Mukudziwa kuti chaka chonse chathachi ndinkagwira ntchito pa galaja ya a Peterson, kuseri kwa mashopu a zitsulo. Pepala langa la kusukulu ya ntchito zamanja analiona ndi maso awo, komabe ntchito yanga inali kutsuka masipanala, kusesa ndi kupopa matayala. Ndinkangopirira chifukwa ndinkafuna kuphunzira.

Masabata atatu apitawo kunabwera a Daudi, bambo wachikulire wa ana asanu amene amayendetsa kabaza. M'mawa uliwonse amanyamula anthu a ku Area 15 kukawatula ku maofesi a ku City Centre. Njinga yawo inkalira moipa, ngati mwathira timiyala m'chitini n'kumagwedeza. Makasitomala awiri anali atawathawa kale, ndipo mayi wina wa kubanki amene amakwera tsiku ndi tsiku anali atanena kuti sakweranso mpaka phokosolo lithe, poopa kugwa pamsewu.

A Peterson anailiza kamodzi kokha n'kupukusa mutu. Anati injini yatha, pisitoni ikugogoda, ndipo njingayo ikhale pa galaja masabata awiri kuti aiphwasule yonse. Achimwene, ndinaona nkhope ya a Daudi itagwa. Kwa munthu wa kabaza, masabata awiri njinga ili chiimire ndi njala m'nyumba.

Ine khutu langa linkandiuza zina. Pisitoni ikatha imagogoda m'mwamba, pafupi ndi pulagi, ndipo mukawonjezera moto kugogodako kumakula. Phokoso ili linkachokera m'munsi, mbali ya kumanja. Ndinapempha a Daudi kuti ailizenso koma asalowetse giya. Ndinatenga sikurudiraiva yaitali, nsonga yake n'kuikhazika pa injini, chogwirira n'kuchitsamiritsa kukhutu. Kumutu kwa injini kunalibe chachilendo, mavalavu okha ankati tetete monga mwa masiku onse. Nditasunthira pa chivundikiro cha kilachi, ndinapeza kuti phokoso lonse lili m'menemo. Ndinawauza kuti afinye kilachi. Atafinya, kunali zii. Atasiya, linayambiranso. Tinabwereza katatu anthu akuonerera.

Pamenepo ndinanena poyera kuti injini ilibe mlandu, vuto lili pa kilachi kapena pa bering'i ya giyabokosi, ndipo si ntchito ya masabata awiri. Mwina ndinalakwa kulankhula pamaso pa kasitomala, icho ndikuvomera. Koma ndikanawanong'oneza, a Peterson akanangondiuza kuti ndikasese, monga ankachitira nthawi zonse.

Anakwiya koopsa. Anandifunsa kuti ndinaona kuti mkazi akuphunzitsa mwamuna kumvetsera injini. Amakaniko anzanga anaseka. Kenako a Peterson anati nditsegule ndekha, ndipo zikapezeka kuti ndanama ndinyamule chikwama changa ndizipita. A Daudi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tsegula, mwana wanga. Njingayi ndi yanga, ndalola ndine."

Ndinakhetsera oyilo m'beseni loyera n'kumuunika padzuwa. Munalibe tizitsulo tonyezimira, kusonyeza kuti magiya ndi bering'i zili bwino, koma munali tizidutswa takuda ta labala. Mtima wanga unakhala pansi pomwepo. Nditachotsa chivundikiro ndi mbale za kilachi, ndinagwira basiketi, chitsulo chimene mbalezo zimakhalamo. Chinkagwedera m'manja ngati dzino la mwana loti lichoke. Timalabala timene timachigwira kumbuyo tinali titadyeka tonse. Ndinanyamuka ndekha kukafuna china m'mashopu a zida, ndipo shopu yachinayi ndi imene inali nacho chokwana. Pofika 3 koloko masana ndinali nditamanga zonse, nditathira oyilo watsopano, nditakokanso tcheni chimene chinali cholendewera. Nthawi imeneyo ndi imene Cathy anadutsa, ndipo moni sanandipatse n'komwe.

A Daudi anailiza, anapita nayo mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe n'kubwerera akumwetulira. Inkalira bwinobwino, giya iliyonse ikulowa mosavuta. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, osasamala zoti ndiwadetsa.

Mukuganiza kuti a Peterson anayamikira? M'mawa mwake anandiitana n'kundiuza kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndinadabwa kuti dzulo lomweli ndinali mkazi wosadziwa kanthu, lero ndasanduka tambala. Ndinawapepesa chifukwa cholankhula pagulu. Koma iwo anafuna kuti ndikanene pamaso pa amakaniko onse kuti ndinangolota mwamwayi, ndipo ndikatero ntchito ndipitiriza. Icho ndinakana. Ndinawauza kuti khutu langa silinalote, linamva. Anandichotsa tsiku lomwelo.

Sindikubisirani, ndinalira. Koma ndinakalirira kunyumba kwanga, osati pamaso pawo.

Patapita masiku awiri a Daudi anandifunafuna mpaka anandipeza, ali ndi anzawo atatu a kabaza, aliyense ndi njinga yake ndi dandaulo lake. Nditawauza kuti ndilibe pogwirira ntchito, a Daudi anapita nane kwa alamu awo, a Sulaiman, amene amawotcherera zitsulo kufupi ndi mzikiti. A Sulaiman sanachulukitse mafunso. Anachotsa mageti akale pa kakhonde ka pambali pa shopu yawo n'kundiuza kuti ndiyambe. Lachisanu akamapita kokapemphera amandisiyira makiyi a shopu yonse, pamene a Peterson chaka chathunthu sanandisiyirepo ngakhale kiyi wa kabati.

Sindinena kuti ndili pabwino. Masana dzuwa limalowa pakhondepo mpaka ndimasowa pothawira, fumbi ndiye losasimbika, ndipo benchi ndilibe, ndimagwada pa katoni. Amuna ena akafika n'kuona kuti makaniko wake ndine, amatembenuza njinga n'kubwerera. Ndimangowasiya. Sabata yathayi ndakonza njinga zisanu ndi ziwiri. Imodzi inandikanika, vuto linali la magetsi, ndipo mwini wake ndinamuuza zoona kuti apite kwa odziwa mawaya. Sindiphwasula chinthu chimene sindinachimvetse.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Bokosi la zida la malemu abambo lili pansi pa bedi lanu chichitikire maliro, ndipo ndikukhulupirira kuti dzimbiri layamba kudya masipanala aja. Inu ntchito yanu ndi ya kumunda, simuzigwiritsa ntchito. Ine kuno ndikubwereka zida za a Sulaiman, ndipo zambiri ndi zazikulu, sizikwana pa mabawuti a njinga. Abambo ankakonza injini za zigayo ndi zida za m'bokosimo, mmene mulinso masipanala ang'onoang'ono, ndipo ndikudziwa kuti sakanakondwa kuziona zikuola. Chonde muwapatse a Wilbert bokosilo pobwerera Lachiwiri. Mukakana sindikwiya, ndipitiriza ndi zobwereka. Koma zobwerera kumudzi kudzakhala, izo ayi.

Ndamvanso kuti atsibweni akukambirana ndi a Ackson a kusitolo aja, ati akufuna mkazi wodekha. Muwauze mwaulemu kuti afune kwina. Ine sindinakane banja, koma amene adzandifune adzandipeze pakhonde pomwe pano, aone ntchito yanga ndi maso ake, kenako alankhule.

Amayi muwauze kuti mwana wawo sakuba, sakupempha, ndiponso sakuyenda njira zoipa. Kutchalitchi ndikupita Lamulungu lililonse. Ndidzabwera pa Khirisimasi kudzawaona, ndidzakhala masiku atatu, lachinayi ndidzadzukira kuno chifukwa a kabaza sapuma.

Mundiperekere moni kwa amayi choyamba, kwa alamu anga, kwa atsibweni ndi azakhali, ndi kwa ana onse, makamaka Tamando amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Cathy nayenso mumupatse moni, ndilibe naye chifukwa.

A Wilbert andiuza kuti pampu yanu ya kudimba yayamba kulira zachilendo. Musaipereke kwa munthu, ndipo musaiphwasule. Mundidikire ine.

Ndine mlongo wanu,
Marcelina