Msonkho wa Malemu Ambrose

Nsaru,
Lilongwe.
9 Febuluwale, 2025

Okondedwa akulu anga a Yunisi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzu kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Chimanga chayamba kumasula, koma mvula sikupereka mpata, moti zovala zikuumira m'nyumba. Mukandiimbira ndimangoti ndili bwino, chifukwa zomwe zili mumtima mwanga sizingakwane m'mayunitsi. Ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni.

Mukudziwa kuti amuna anga, a Ambrose, ntchito yawo inali yokhoma madenga. Chomwe simunachionepo ndi kabweredwe ka ndalama yake. Anthu akagulitsa fodya aliyense amafuna malata panyumba pake, ndipo bambo sankaoneka pakhomo mpaka Okutobala. Mvula ikangoyamba, ntchito zii, miyezi kumatha osagwirako ngakhale tambala. Tinkadya dzinja ndi zomwe ndabisa m'chilimwe.

Zaka zitatu zapitazo anapeza ntchito kubungwe lina lomwe linkamanga midadada ya sukulu ku Nambuma. Abungwewo anati sagwira ndi munthu wosalembetsa msonkho wa VAT, ndiye tinakalembetsa. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse tinkayenera kuuza a msonkho zomwe tagwira. Ngakhale mwezi womwe hamala sinalire, umalembabe kuti palibe. Zolembazo ndinkachita ndine, iwo ankati dzanja lawo linazolowera misomali. Ndalama ikabwera ankandiuza kuti, "Rebecca, ya msonkho uike payokha. Imeneyo si yathu, tangowasungira eni ake."

Chovuta n'chakuti msonkhowu umayamba kuwerengedwa ukangomulembera kasitomala invoisi, pepala lomuuza ndalama zoti alipire, kaya wakulipira kaya sanakulipire. Denga lomaliza la ku Nambuma atamaliza, abungwe aja anangoti dikirani. Tinadikira, chindapusa chikukwera. Bambo anayamba kusiya chakudya m'mbale. N'chifukwa chake tsiku lija anakwera njinga yamoto kupita m'tauni kukawakumbutsa. Zomwe zinachitika pobwerera pafupi ndi Chitedze mukuzidziwa, munabwera kudzaika nawo maliro.

Anthu atabalalika, foni yawo ndinaisunga m'kabati. Tsiku lina ndikusita yunifolomu ya mwana wathu Chifundo ndinamva ikulira. Unali uthenga wokumbutsa a Ambrose Zakeyu kuti nthawi yopereka lipoti la mwezi yayandikira. Akulu anga, ayironi ndinaiiwala pansalu mpaka inapsa. Kwa a msonkho, bambowa anali adakali moyo.

Sindinapite kukanena. Alamu anga a Adamson, ang'ono awo a malemu, anapitiriza tintchito tina ndi zipangizo za akulu awo, ine n'kumalemba malipoti monga kale, m'dzina lomwelo. Mwezi uno a Ambrose akhoma denga limodzi. Mwezi uno a Ambrose sanagwire ntchito. Ndikamalemba zimenezi, masanasana dzuwa lili phwee, ndimamva ngati aima kumbuyo kwanga monga ankachitira, ndi fungo lija la utuchi ndi thukuta. Sinditembenuka. Ndimaopa kuwaona, komanso ndimaopa kupeza kuti palibe munthu.

Mu Disembala ndalama ya ku Nambuma ija inalowa. Ndinalipira anyamata omwe anagwira nawo ntchito ndi bambo wa matabwa yemwe anatipirira nthawi yonseyi. Zotsalazo zinali za msonkho ndi chindapusa chake, popanda chapamwamba. Koma a Adamson anali atakanena kale kumudzi kuti ndalama yafika.

Apongozi anabwera kuchokera ku Kabudula mvula ikugwa. Ndinawayalira mkeka m'nyumba koma anakana, anakhala pakhonde, madzi akudontha kuchokera pachitenje chawo.

"Amake Chifundo," anatero, "mwana wanga ndikumulota. Akumabwera atanyowa, malaya atamatirira pathupi, osayankhula kanthu. Wafolera nyumba za anthu kuyambira kuno mpaka ku Nambuma, iye yekha ndiye alibe denga. Ndalama yomwe anafera ija yabwera, eti? Mumangireni chiliza."

Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse pang'onopang'ono, kuti yotsalayo ndi ya boma, ndipo mwana wawo yemweyo ndiye ankandiletsa kuikhudza. Sanandiyang'ane. Amene anayankha ndi a Adamson, omwe anabwera nawo.

"Alamu, kodi boma lingamange munthu wakufa? Ingosiyani kulembako, dzinalo lizilala lokha. Mtumbira wa akulu anga watitimira, inu mukuganiza za anthu a m'maofesi omwe sanabwere ngakhale pamaliro?"

Mawu awo sanali opanda nzeru, ndipo apongozi sankapempha chakudya kapena chovala, ankapempha simenti ya mwana wawo. Sabata yonse ndinkangozungulira pakhomo. Mvula ikamamenya malata athu, omwe anakhoma okha osasiya pothonya ngakhale pamodzi, ine mumtima n'kumati ife tili pouma, iwo ali pamtunda. Tsiku lina ndinakwera kabaza mpaka ku Kabudula. Kumanda munthu sungangolowako wekha, ndiye ndinaima pamsewu n'kumayang'ana mitengo ija mpaka wakabazayo anandifunsa ngati ndikudikira munthu.

Koma dzina lawo, akulu anga. A Ambrose anafa akuthamangira kuti dzina lawo lisadetsedwe ndi ngongoleyi. Ndikanamanga chiliza chokongola, n'kulembapo dzina lomwelo ndi ndalama yomwe iwo ankati si yathu, ndikanatha kuimba nawo nyimbo pa tsiku lotsegulira?

Lachiwiri lapitali ndinapita m'tauni n'kukalipira yonse. Mayi yemwe anandithandiza anali wamsinkhu ngati wanu. Akuyang'ana pakompyuta anafunsa kuti, "Nanga eni akewo sabwera okha bwanji?"

Ine ndinati, "Ali kumudzi."

Anakweza maso, n'kuyang'ana duku langa lakuda. Kenaka anaika cholembera pansi.

"Mayi, anatisiya liti?"

Pamaliro munandiona, misozi inkakana kutuluka mpaka anthu ena ankanong'onezana. Inadzatulukira pamenepo, pamaso pa anthu a pamzere omwe sindiwadziwa. Mayiwo sanandifulumizitse. Nditatonthola anandiuza kuti si bwino kupitiriza kulemba m'dzina la munthu yemwe anapita, ndipo ndikanayenera kubwera kalekale. Anati ndibweretse kalata ya imfa atseke zonse, ndipo ngati ndikufuna kupitiriza ntchitoyi ndilembetse dzina langa.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike pakhomo. A Adamson anabwera m'mawa mwake, anatenga makwerero, macheka ndi bokosi la zipangizo, akuti azigwira paokha. Sindinawaletse, ali ndi ana nawonso. Apongozi ndikawaimbira foni imangolira. Lero kutchalitchi amayi ena a Chigwirizano anandipatsa moni ndi nsonga za zala.

Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Masiku ena ndimati inde, masiku ena ndimangoona malaya onyowa aja ngati kuti ndinalota ndine. Ndagulitsa mbuzi ziwiri n'kugula matumba a simenti, ali kuchipinda pamwamba pa matabwa kuti asagwire chinyontho. Mtedza ukachita bwino, chiliza chimangidwa chaka chino chisanathe. Ukapanda kuchita bwino ndigulitsa makina anga osokera.

Tsono ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, poti amayi anatisiya, wamkulu ndinu. Mubwere mukandiyankhulire kwa apongozi, muwauze kuti mwana wawo sindinamutaye. Kwa ine sangamve, koma inu amakulemekezani.

Chachiwiri ndikuchita nacho manyazi. Kalata ya imfa ija ndili nayo, ili m'chikwama, ndipo kawiri konse ndafika pa siteji n'kubwerera. Akakangotseka, uthenga uja sudzabweranso. Museke ngati mukufuna, koma padziko lonse lapansi ndi a msonkho okha omwe amawatchulabe dzina osayamba ndi mawu akuti malemu. Ndekha sindingathe kukawauza kuti asiye. Tikapite limodzi. Simudzanena kanthu, mudzangokhala pabenchi pomwe ndingathe kukuonani. Ya thiransipoti ndilibe yokutumizirani, mundikhululukire, koma pobwerera mudzanyamula ufa ndi nkhuku.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa cha nsapato za sukulu zija, zamukwana bwino Chifundo. Moni kwa mwana wanu Rejoice, mumuuze alimbikire mayeso akubwerawa. Mwana wanu Chifundo akupereka moni wambiri. Watalika, simungamuzindikire. Wayambanso kuyenda mopendeketsa phewa limodzi ngati bambo ake, popanda womuphunzitsa, moti ndikamuona chapatali akuchokera kusukulu ndimayamba ndakhala pansi.

Musachedwe, akulu anga.

Ine mng'ono wanu,
Rebecca